Buluku la Mlembi

Lolemba, 3 Febuluwale

Maso anga atha, ndiye wogwira cholembera ndi mdzukulu wanga. Ndimamutcha Mlembi. Lemba bwino, mawu anga asapindike.

Lero amubweza kusukulu. Wamenya mnzake mpaka kumutupitsa mlomo. Chifukwa chake sakunena. Mayi ake, mwana wanga Aphunzitsi, afika madzulo kuchokera kusukulu yawo ya kutsidya osandipatsa ndi moni womwe. Akuti Loweruka mnyamatayu akwera basi, azikakhala kwa bambo ake. Nanga ine wondilowetsera ulusi pasingano adzakhala ndani?

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Ndakhala pakhonde, ndalowa, ndatulukanso. Mpando ukundiotcha.

Mayi ake amusiyira ntchito: buku lakale lija amalembera mayeso, lomwe iwonso anawerenga ali mtsikana. Wandiwerengera masana. Muli kamtsikana koleredwa ndi bambo womupeza, wogulitsa madzi, wachibwibwi. Kakakhala ndi anzake kamamuyeserera kayankhulidwe, onse n'kumafa nacho chiseko. Ndati kamwana kopanda mwambo, tseka bukulo. Patapita kanthawi ndati tapitiriza.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Funso limene Aphunzitsi asiya ndi ili: mtsikanayu anakula liti? Ndayankha msanga kuti tsiku limene diresi linamuchepera. Telala amadziwa. Sukulu ndinalekera panjira, koma makina osokera awa ndiwo anatulutsa mphunzitsi m'nyumba muno. Ngakhale buluku la sukulu la Mlembi ndasoka ndine mwezi wathawu. Mayi ake ankafuna logula, ndinakana. Maso alibe ntchito, manja amakumbuka. Lemba zimenezo.

Iye akuti ayi agogo, anakula tsiku limene anzake anaseka iye osaseka nawo, n'kuwalandira bambowo chigubu chimodzi, kudutsa nacho pakati pa msika. Ndati nanga iwe wodziwa za chifundo, mlomo wa mwana wa eni unautupitsiranji? Iye wangotembenuza tsamba.

Chikwama chatsitsidwa pamwamba pa kabati. Ndamva ndithu.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Buku sindikulifuna lero. Chakudya sichikutsika.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Lero wolemba ndi Aphunzitsi. Mlembi wakana, wadzitsekera kuchipinda. Mwana wanga, lemba zonse, usandidule mawu.

Masana kunagwa mvula. Ndinathamangira kuchingwe kukanula zovala, mopapasa. Popinda buluku lija ndinaphatikiza miyendo monga timachitira. Mwendo umodzi wafupika ndi zala zitatu. Msoko wakumbali wayenda mokhota mpaka kufika pabondo. Thumba lakumanja ndinalisokera pamodzi ndi mwendo, dzanja silingalowe.

Ndinamuitana Mlembi. Ndati wakhala ukuvala chimenechi? Akuti eya agogo. Ndati anzako amati chiyani? Wakanda kumutu. Ndaumirira. Akuti poyamba ankangomutcha Mwendoumodzi, iye n'kumaseka nawo. Lolemba lija mnzake wina anati agogo ako akhungu aja awalande makina asanasoke zala zawo. Dzanja linapita lokha.

Ndati osandiuza bwanji? Akuti munasangalala kwambiri tsiku lomwe munalimaliza, munaitana ndi aneba omwe.

Iwe mayi ake umachoka m'mamawa, pobwera amakhala atavula kale. Sunalione. Ine ndinalisoka, sindinalionenso.

Cholembera chaima, ndamva. Lemba, mayi. Kumenya n'kulakwa, akapepese kwa mnzakeyo, ndimuperekeza ndekha ndi ndodo yanga. Koma basi ija ikufuna kunyamula munthu wolakwika.

Aphunzitsi akuti bambo, dikirani kaye, pepala lanyowa.

Loweruka, 8 Febuluwale

Mlembi wabwerera pantchito yake. Za chikwama palibe wanena kanthu. Chili pakhomo pa chipinda, chotseguka, ndapunthwapo kawiri.

Basi ya m'mawa yaliza hutala pamphambano. Palibe wanyamula chikwama. Mayi ake anali kukhitchini, mbale zikungogundana. Yalizanso, yapita.

Ndatulutsa sizasi yanga, imene sinagwiridwepo ndi dzanja lina chiigulire. Ndamupatsa. Ndati masula msoko wonse, pang'onopang'ono, usaboole nsalu. Kumpendero ndinasiya yotsala yokulira, mwendo utalika. Ukatha ukhale pamakina, ine ndizikuuza.

Akuti agogo, ndilembe kapena ndimasule? Manja ndi awiri okha.

Ika cholembera pansi.