Sutikesi Imene Sinakwere Sitima

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi ku Dedza. Kuno ku Rockingham, ku Australia, ndikudzukako.

Tsiku lomaliza mlongo wanu ali bwinobwino, tinali padoko ndi masutikesi, kudikira sitima yapamadzi yokasangalala. Anatiuza kuti injini yafa. Iwo anangoseka: "Bambo, kani nazonso zimafera pasiteji ngati minibasi?" Wantchito wina anati zimachitika mwa apo ndi apo, ndipo kampani inatipepesa ndi matikiti a ulendo wina. Pobwerera anandiuza kuti, "Sutikesi yanga musamasule, tipitabe." M'mawa mwake anagwa kubafa. Zotsatira zake mukuzidziwa.

Matikitiwo adzatha ntchito mu Okutobala. Ndinkafuna kungowasiya, koma nditafotokoza za maliro, kampani yavomera kulemba dzina lanu pa tikiti yawo. Chonde yambani za pasipoti, ndekha sindingakwere. Mulungu akutsegulireni njira.

Loweruka ndinalimba mtima n'kumasula sutikesi ija. Zovala ndachapa, ndasita, ndalongedzanso kuti mudzapite nazo kwa amayi akagawe. Ndangosungako chipewa chawo chadzuwa. Chimenecho chidzakwera nafe.

Ndine mlamu wanu,
Elisoni