Mabisiketi a bambo ake a Dhruvi

Varachha, Surat
6 Novembala 1997

Okondedwa achemwali a Kanchan,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana. Nanga Bambo ali bwanji ndi mawondo awo aja, poti kuzizira kwayambaku? Ife kuno tili bwino. Mwana wanu Dhruvi wachira. Katsabola uja wauma, kwangotsala timabanga kumsana ndi kena pachipumi komwe akuonetsa aliyense wolowa pakhomo. Matendawa ndi amene anatilepheretsa kudzadya nanu chikondwerero cha nyali cha Diwali, chifukwa adokotala anakaniza kukweza mwana basi ulendo wautali chotere. Musaganize kuti tinakunyanyalani.

Kufakitale anatseka monga amachitira chaka chilichonse. Anzanga opera nawo dayamondi anathamangira kumidzi, mumsewu mwathu munangoti zii. Anatsala ndi Hasmukh yekha, wadazi uja munamuona pamaliro a mkazi wanga Rasila. Madzi akuvutabe, amabwera mmawa okha, ndipo mwininyumba sanakonzebe zenera.

Koma nkhani imene ndakulemberani ndi ina, ndipo ndikulemba chifuwa chili patsogolo.

Chaka chatha, poti tinali pachisoni, sitinaphike chotsekemera chilichonse. Chaka chino, kutatsala masiku ochepa kuti Diwali ifike, Dhruvi ali chigonere anandifunsa ngati nyumba yathu idzanunkhirenso monga inkanunkhirira mayi ake akamaphika mabisiketi aja a nankhatai. Ndinamuyankha kuti ndikamugulira zabwino kwambiri kwa ophika buledi. Iye anatembenukira kukhoma n'kunena kuti za kusitolo zimanunkhira kusitolo komweko. Achemwali, mwana wamng'ono ngati ameneyu! Mawuwo anandikhala pamtima tsiku lonse.

Inu mukundidziwa. Ngakhale tiyi ndinayamba kuphika Rasila atatisiya. Komabe mmawa mwake ndinakagula fulawa, ufa wa tchana, shuga, zonunkhiritsa za elachi ndi mafuta a mkaka. Uvuni tilibe, choncho ndinatsitsa mphika wolemera uja wa malemu pamwamba pa kabati. M'kati ndinapezamo mchere umene ankayala pansi pophika, utafiira ndi moto wa zaka zonse zija. Sindinautaye.

Ulendo woyamba ndinasungunula mafuta mpaka anakhala ngati madzi, ndi kukhuthuliramo zonse pamodzi. Nditavundukula, timibulu tonse tinali titagwirana kukhala chinthu chimodzi chachikulu chophwatalala. Hasmukh anatulukira nthawi yomweyo n'kufunsa ngati ndalandira ntchito youmba zovundikira ngalande za mumsewu. Akuti ndisiye za azimayi ndisanawotche nyumba ya eni. Komatu polankhula choncho n'kuti akubenthula, ndipo theka anamaliza yekha.

Ulendo wachiwiri ndinakoleza moto kwambiri. Utsi unadzaza nyumba mpaka Mayi Zubeda, amasiye aja a khomo loyang'anana ndi lathu, anathamangira kuno ndi ndowa ya madzi. Ataona kuti chikupsa ndi mabisiketi, anaika ndowa pansi n'kuseka mpaka misozi. Ndinawapempha kuti andiphikire. Anakana. Akuti akangogwira iwo, fungolo likhala la m'nyumba mwawo, pomwe mwana wapempha la m'nyumba mwa bambo ake. Anakoka mpando, anakhala pakhomo la khitchini, n'kuyamba kundilamula ngati kapitawo.

Ati mafuta asakhale amadzi, angofewa. Ndiwapunthe ndi shuga wopera, ndi chikhatho, mpaka ayere. Ndinapuntha, ndinapuntha, phewa linachita dzanzi. Nditati ndipumeko anandikuwiza: "Aa, bambo a Dhruvi! Munthu wopera mwala wolimba kuposa yonse, lero mafuta akugonjetseni? Punthani, inu!" Madzi anakaniza ngakhale dontho. Ufa akuti ndisaukande ngati wa chapati, ndingousonkhanitsa mofatsa monga mmene munthu amanyamulira mwanapiye.

Dhruvi anadzuka pamphasa osaitanidwa. Ine ndinkaumba timibulu, iye n'kumadinda ndi chala chachikulu pakati ndi kuikapo kachidutswa ka mtedza wa pista. Tinaika mbale pamwamba pa mchere, tinavundikira, moto n'kuuchepetsa. Dzanja langa likangoyandikira chivundikiro, Mayi Zubeda ankalimenya ndi chikupizo, ati mphuno ndiyo indiuze.

Ndipo inandiuzadi. Fungo litayamba, Dhruvi anatuluka. Ndinamumva akutsika masitepe mpaka pansi, kenaka akukweranso pang'onopang'ono. Nditamufunsa, anati amafuna alimve kuchokera panja, monga ankalimvera akamachokera kusukulu. Ndinamufunsa ngati ndi lomwe lija. Anagwedeza mutu kuvomera, n'kundikumbatira m'chiuno ndi manja ake a mafuta. Mayi Zubeda anayamba kuyang'ana kudenga ngati aonako china.

Nditavundukula ndinakhumudwa, chifukwa mabisiketi onse anali atang'aluka pamwamba. Ndinati zalakwikanso. Mayiwo anati ndine mbuli, ming'aluyo ndiyo chizindikiro chakuti zatheka. Ndinalawa limodzi likadali lofunda. Achemwali, silinafune mano, linangosungunuka palilime. Masiku otsatirawo tinaphika mpaka zitini zinadzaza. Madzulo a Diwali tinayatsa nyali pakhonde, ndipo Dhruvi anazungulira makomo onse a m'nyumba muno ndi mbale, akulengeza kuti aphika ndi bambo ake.

Tsiku la chaka chatsopano chathu, chimene chimayamba Diwali ikangotha, kunabwera apongozi, amayi ake a Rasila, kuchokera ku Navsari. Anali ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu. Ndinadziwa ntchito yake. Ndikudziwa kuti inu ndi iwo munagwirizana kuti mwana achoke kuno, azikakhala kwa iwo kaye kenaka kwa inu, poti mwamuna yekha sangalere mwana wamkazi. Sindikunena mokwiya, koma tsikulo mtima unali m'mwamba.

Anakhala pansi n'kuyamba kuyendetsa maso. Anaona tsitsi la mwana, lomwe ndimaluka ndekha ngakhale limapendekeka. Anamutembenuza zikhadabo. Anapititsa chala pashelefu kuti aone fumbi. Kenaka Dhruvi anawabweretsera mbale. Analuma, n'kufunsa kuti tagula sitolo iti. Mwana atanena kuti aphika bambo, anaseka, ati ndisamaphunzitse mwana bodza pa tsiku lalikulu. Anaitanitsa Mayi Zubeda, ndipo mayiwo analumbira pali Mulungu kuti chawo chinali pakamwa pokha.

Apongozi anati ndiwaonetse chophikiracho. Ataona mphika, anaugwira m'mphepete nthawi yaitali. Akuti anaugula okha pokonzekera ukwati wathu. Kenaka anandidzudzula kuti elachi ndachulutsa, ndipo mwana wawo nayenso ankachulutsa chomwecho, ankati akamuuza samamva. Atanena zimenezo anaphimba nkhope ndi nsonga ya nsalu yawo ya sari. Atapukuta misozi anatenga bisiketi lina, nalimaliza, natenganso.

Za kutenga mwana sanatchule n'komwe. Pochoka, m'chikwama chija munalowa chitini cha nankhatai chopita kwa apongozi aamuna. Ali pakhomo anandiuza kuti tsitsi la mwana ndizilidzoza mafuta kawirikawiri, ndipo akadzabweranso adzandiphunzitsa kuluka kowongoka.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Nkhani yotenga Dhruvi ithere pomwepa. Ndikudziwa kuti mumanena chifukwa cha chikondi, ndipo mawu anu akuti mutu umodzi susenza denga ndi oona. Koma sindili ndekha monga mukuganizira, ndipo zimene sindidziwa ndikuphunzira. Mwanayu anataya mayi, asatayenso bambo ndi nyumba imene amaidziwa. Tchuthi chachikulu cha sukulu ndidzabwera naye ndekha, adzakhala nanu mpaka mudzatope naye, koma pobwerera tidzabwerera awiri.

Ndatumiza chitini chimodzi ndi mwana wa a Jivraj amene akukwera basi ya Loweruka. Mabisiketi opendekeka, okhala ndi chidindo chakuya, ndi a Dhruvi, ndipo akuti amenewo ndi a azakhali ake, wina asakhudze. Bambo muwauze mosabisa kuti waphika ndi mwana wawo wamwamuna. Akaseka, asiyeni aseke, inu muzingoyang'ana kumene dzanja lawo likupita.

Mundigwirire mapazi a Bambo, andidalitse m'chaka chatsopanochi. Moni kwa alamu, kwa ana anu onse, kwa amalume ndi akazi awo, ndiponso kwa azakhali a kuseri kwa kachisi. Dhruvi akuti mumusisitire kamwana ka ng'ombe kaja, ndipo musakapatse dzina iye asanafike.

Khalani bwino, achemwali.

Ine mlongo wanu,
Vallabh