Mphini pa bondo la Tomasi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Maputoko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Mongue tilipo, koma mtima wanga suli m'malo.

Bondo la mwana wanga Tomasi linatupanso sabata yatha. Ine ndili kumunda, apongozi anamutengera kwa sing'anga kuti akamuteme mphini, ati magazi oipa atuluke. Mphini zitatu zokha, achimwene, koma nsalu ziwiri zinanyoweratu ndi magazi. Bambo ake anamukweza panjinga mpaka kuchipatala ku Milange. Adokotala anakalipa: "Mwana wa magazi osaundana mukumutema ndi lumo?" Mpaka lero apongozi sakundiyang'ana kumaso.

Mwana wapezako bwino, koma ine sindikukhazikika. Akangothamanga ndimaponya khasu n'kukamugwira. Mpira wake ndinaubisa m'nkhokwe.

Munandiuza kuti kulabotale kwanuko kuli mapuloteni oundanitsa magazi, opangidwa popanda kutenga magazi a munthu. Munatinso amenewo ndi ofufuzira chabe, sabayira odwala. Ndinamva, sindikuti mube. Koma tandifunsirani kwa anzanuwo kumene obayira anthu amapezeka.

Mulungu akusungeni. Yankhani msanga, chifukwa Tomasi akufunsa mpira wake tsiku lililonse, ndipo ine mabodza andithera.

Ine mlongo wanu,
Rosa