Lamba wa Njinga ya Ansembe

Linthipe, Okutobala 1913

Okondedwa achimwene a Gervazio,

Landirani moni wochokera kuno kumapiri. Ife tilipo, kaya inu ku Halaleko? Mbuzi yanu ija yaswa awiri.

Ansembe anandisiyira njinga yawo yamoto kuti ndiikonzere kunyumba, poti ndine ndimawatsukira injini. Pulagi ndinapala, mafuta ndinasefa pansalu, koma lamba wokoka gudumu lakumbuyo anandidukira m'manja. Mantha anandigwira. Kuseri kwa nkhokwe ya apongozi kunali chikopa cha ng'ombe chokhomedwa pansi, ndiye ndinachekako kamzere kamodzi n'kupanga lamba wina. Sindinadziwe kuti chinali cha ng'oma ya Gule.

Njinga ikuyenda bwino. Ansembe anandiyamika, ndipo akupita nayo ku Misa m'midzi yonse. Sindinawauze. Koma apongozi angosiya kuyankha moni wanga. Mlamu wanu Magadalena akugona kwa amayi ake, akuti m'nyumba mwathu mukuzizira. Kutentha konseku, achimwene.

Ngati malamba otere amapezeka kumeneko, chonde patsirani aliyense wobwera kuno, msanga. Loweruka likudzali ankhoswe akumana. Ine sanandiitane.

Ndine mng'ono wanu,
Anselmo