Kabowo pa Zenera la Chipinda cha Mdima

Lolemba, 4 Malichi

A Pulofesa Verhoef anena poyera: malo a ntchito yokhazikika ndi amodzi, ofuna tilipo awiri, ine ndi Wouter. Mankhwala ake akuyenda. Ukawathira pa maselo a khansa n'kuwalitsa nyali yofiira, maselo amafa, koma mumdima sachita kanthu. Anga zaka zinayi, ziii. Ndiye Wouter amalowa mu labu akuimba mluzu. Mluzu umenewo ndimadana nawo.

Lachitatu, 6 Malichi

Sindinapite kukadya. Ndalowa m'chipinda cha mdima 12 koloko itangokwana, ndapeza foyilo yotseka zenera yang'ambika pakona. Kabowo kochepa ngati nyemba. Dzuwa likulowa pamenepo n'kugwera ndendende pa mbale za maselo a W. zoyenera kukhala mumdima, zimene amazisiya patebulo akamathamangira buledi wake wa tchizi. Munthu sachedwa ku chakudya ngakhale mphindi imodzi, ndiye aliona liti? Pofika hafu pasiti, dzuwa lachoka.

Selotepi inali m'thumba mwanga. Ndatuluka, ndatseka chitseko bwinobwino.

Lachisanu, 8 Malichi

W. nkhope yagwa. "Hanneke, maselo amumdima akufanso. Ukuganiza n'chiyani?"

"Mwina mankhwala akowo ndi poizoni basi. Bwerezanso, usagwe ulesi."

Sabata ino dzuwa likuwala ngati ndachita kulituma.

Lachiwiri, 19 Malichi

Msonkhano wa gulu. A V. sanamupatse mpata. "Wouter, mankhwala opha ngakhale mumdima ukagulitse kwa opha makoswe. Wodwala ungamupatse zimenezi iwe?" Anthu aseka, ine kuposa onse. Makutu a W. psuu. Ndamva kukoma, ndisaname.

Lachinayi, 21 Malichi

Ndamata kabowo.

Lachisanu, 12 Epulo

Malo ndi anga. W. wabwera ndi keke ya maapulo yotsanzikira. Akuti akaphunzitsa ku sekondale ku Zwolle. Wandigwira paphewa: "Iwe wekha ndiwe unkandilimbikitsa kubwereza." Keke yake inali youma. Ndadya magawo awiri.

Lolemba, 15 Epulo

A V. andiitana, makope onse a W. ali patebulo pawo.

"Ntchito yako yoyamba ndi iyi. Ulembe lipoti lakuti mankhwalawa amapha ndi mumdima momwe, ma labu ena asataye nawo nthawi. Madokotala aja ankadikira kuwayesa pa odwala khansa ya pakhosi ndawauza kale kuti aiwale. Dzina lako likhale loyamba."

Za odwala sindinkadziwa.

"Bwanji tiyesenso kamodzi kokha?"

"Chifukwa chiyani? Pali chimene ukudziwa?"

Andiyang'ana osaphethira. Ndati ayi, palibe.

"Ndiye Lachisanu ndilipeze pano."

Ndabwerera pamalo panga, ndatsegula kompyuta. Dzina langa ndalemba kale pamwamba.