Utoto Wobiriwira m'Zikhadabo

Lolemba, 14 Okutobala

Dzuwa loswa mtengo. Masana, mphepo kulibe ndi pang'ono pomwe. Ndili pakhonde. Galimoto ya Ababa ili pomwe ankaiimika, pansi pa mtengo. Mwezi wakwana chimwalirireni. Ndimaitsukabe m'mawa uliwonse, ngati kuti atuluka ndi kiyi kupita kukanyamula anthu. Anali a takisi. Ine ankanditcha Kondakitala, chifukwa ndili mwana ndinkakhala pambali pawo tsiku lonse, osayankhula, maso pamsewu.

Achimwene akuti igulitsidwe. Tchuthi chawo chikutha, abwerera kuntchito kutali, pakhomo palibe wodziwa kuyendetsa. "Galimoto yongoima imawola ngati nthochi." Amayi angoti chitani chimene mwachiona. Ine sanandifunse. Akanandifunsanso sindikanayankha.

Wogula wapezeka. Mphunzitsi wina wamfupi, waulemu. Lero anakwera pambali, Achimwene akuyendetsa. Atayatsa eyakoni, makina oziziritsa m'galimoto, mpweya wotentha ngati wa mu uvuni. Mphunzitsiyo akuti galimoto waikonda, koma tiyambe takonza zimenezo. Abweranso Loweruka la sabata yamawa.

Ndadya. Ndatsuka mbale. Mumtima mulibe kanthu.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ku galaji ya a Chipewa, amakaniko, anzawo a Ababa akalekale. Chipewa sachivula, dzina linachokera pamenepo. Achimwene anandisiya ndi galimoto, iwo anapita kukayendera zina. Ndinakhala pa tayala lakutha.

A Chipewa amagwira ntchito akuyankhula, kaya ndi ine kaya ndi injini. Anayamba ndi zing'onozing'ono. Fani ikuzungulira, mpweya ukutuluka, kungoti si wozizira. Fyuzi anaizula, naiunika padzuwa, yamoyo. Lamba ali bwino. Kenako anandituma kuti ndikadine batani la eyakoni, iwo khutu pa injini, kumvetsera kompuresa, kamakina kopopa gasi. Akuti kakagwira kamalira kuti tha. Ndinadina. Zii. Ndinadinanso. Zii.

Analumikiza mapaipi awiri, ofiira ndi abuluu, okhala ndi tinthu ngati mawotchi. Mivi yake inangogona pansi. Gasi watha. "Gasi sapsa ngati petulo, mwanangu. Akatha ndiye kuti pali pothawira."

Athira gasi watsopano pamodzi ndi utoto wobiriwira. Utoto umayenda ndi gasi, pobooka umatulukira n'kusiya chizindikiro. Akuti galimoto iyende masiku angapo, tidzabwere nayo adzaone.

Akutseka boneti anati, "Bambo ako ndinawauza chaka chatha, iwo amvekere zenera ndi eyakoni yaulere." Anaseka. Kenako anasiya, nakonza chipewa chomwe chinali kale bwinobwino.

Pobwerera m'galimoto munkazizira. Achimwene anaimba likhweru pang'ono. Ine manja pamiyendo.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndapapeza.

M'mawa potsuka ndinatsegula boneti kuti ndione madzi, monga Ababa ankanditumira. Kutsogolo, pomwe kapaipi kowonda kakumana ndi kanzake, kadontho ka mafuta obiriwira. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinakapukuta ndi chala, n'kumalizitsa ndi kansalu. Sindinaganize. Dzanja linachita lokha.

Pobooka pakapanda kuoneka, sakonza. Akapanda kukonza, mphunzitsi sagula. Nzeru zanga zathera pomwepo.

Amayi ayamba kupinda malaya a Ababa. Apinda, apindulula, apindanso. Sopo watsala kachidutswa.

Lachisanu, 18 Okutobala

Kadontho kabweranso. Ndapukutanso.

Tinapita ndi Achimwene kukagula makala. Eyakoni yayamba kufooka, mpweya wofunda ngati wa m'kamwa. Iwo anaika dzanja pa kabowo, natukwana chapansipansi.

Ndaona chinthu. Ababa anali aatali, Achimwene anatengera Amayi. Akamayendetsa amakhala kunsonga kwa mpando, mwendo kuchita kuutambasula kuti ufike pa buleki. Ndinafuna kuwauza kuti mpando umasunthika, pansi pali kachitsulo kokoka. Ndinangobweza maso pamsewu.

Mpandowo uli ndi dzenje la msana wa Ababa. Ndikamatsuka sindikhalapo. Ndimangopukuta m'mbali.

Lolemba, 21 Okutobala

Ku galaji. Mivi ya mawotchi aja yatsikanso. A Chipewa anafufuza paipi iliyonse, anagona pansi pa galimoto, anadzuka. Palibe chobiriwira. Anakanda mutu chipewa chili pomwepo. "Utoto sunandinamizepo, koma lero wandivula pagulu."

Akuti ngati kunja kulibe, ndiye kuti pobooka pali m'kati, kuseri kwa dashibodi. Kuti afikeko aphwasula zonse, wailesi, timabowo ta mpweya, kabokosi komwe Ababa ankasungiramo maswiti a ana a anthu okwera. Maswiti atatu akadali momwemo, asungunuka. Mng'alu wa pa dashibodi Ababa anaumata okha ndi guluu. A Chipewa akuti akachotsa, pamenepo pathyoka ndithu.

Achimwene nkhope yagwa. Masiku akuwathera, ndipo ntchito yotere si yotchipa. A Chipewa ati tidikire, mawa abwereka tochi yapadera younikira utoto. Ikapanda kuonetsa kanthu, aphwasula.

Ndinaiona m'maganizo galimoto itatumbulidwa ngati mbuzi. Chifukwa cha ine. Ndinali chiimire pomwepo, kansalu kali m'thumba la diresi. Lero m'mawanso ndinapukuta.

Chakudya chamadzulo sichinatsike.

Lachiwiri, 22 Okutobala

M'mawa ndinatsegula boneti. Kadontho kali pomwepo. Ndinati lero ndikasiya. Ndinapita kukataya madzi, pobwera dzanja linapukutanso.

Ku galaji a Chipewa analowetsa galimoto m'kati, natseka chitseko chachikulu kuti mude. Kutentha ngati m'ng'anjo. Anavala magalasi achikasu, nayatsa tochi ya kuwala kwabuluu. Achimwene mbali iyi, ine mbali iyo, nditagwira boneti kuti isagwe.

Anayenda nayo pang'onopang'ono. Kompuresa, palibe. Paipi yaikulu, palibe. Atafika kutsogolo, kapaipi konse kanawala, kobiriwira ngati msipu. Osati kadontho. Mizeremizere, yopita uku ndi uku, pooneka kuti panadutsa nsalu. Pa chitsulo chapambali, zidindo za zala.

Tochi inakwera pang'ono n'kugwa padzanja langa. Zikhadabo zonse zikuwala. Ndinasamba ndi sopo, koma zikuwala. Pathumba la diresi paja panali kansalu, pakuwalanso.

Ndinamva thukuta likutsika kumsana.

A Chipewa anazimitsa tochi. Anati, "Mwana ameneyu amatsuka galimoto mpaka m'matumbo. Atsikana a masiku ano ukhondo wanyanya." Natsegula chitseko.

Vuto lonse kamphira kozungulira, kochepa ngati mphete, komwe kamatseka polumikizira. Kauma, kang'aluka. Anaika katsopano, anakoka mpweya wonse m'mapaipi ndi makina olira ngati njuchi, anadikira kuona ngati mivi isuntha. Sinasunthe. Anathira gasi. Anandiyang'ana, ine ndinakadina batani. Tha. Kompuresa yagwira. Dashibodi sanaikhudze.

Pobwerera Achimwene sanayatse wailesi. Ndinkadikira kukalipiridwa. Tili pafupi kufika anati, "Ukanandiuza, iwe." Patapita kanthawi anatinso, "Inenso sindinakufunse." Basi. Mwendo wawo uli chitambasukire kufuna buleki.

Ndiye ndinazindikira. Kachitsulo ka pansi pa mpando amakadziwa. Galimoto anaphunzirira yomweyi. Mpando wa Ababa sakufuna kuusuntha.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ikuzizirabe. Ndatsegula boneti, pouma. Ndatsuka matayala, ndachotsa maswiti aja. Amayi atenga kapesi ka Ababa kamene kanali pamwamba pa galasi.

Achimwene andifunsa ngati ndikufuna isagulitsidwe. Ndinayang'ana pansi. Anadikira, sanachoke. Ndinati ikangokhala pano iwola, Ababa sakanakonda. Mawu anga ndinawamva ngati a munthu wina. Anagwedeza mutu.

Loweruka, 26 Okutobala

Mitambo pang'ono, koma kutentha komweko. Mphunzitsi anabwera m'mawa, atavala malaya ositidwa. Anapereka moni kwa Amayi ndi manja awiri. Achimwene analiza injini, nayatsa eyakoni. Iye anaika dzanja pa kabowo, namwetulira. Anamalizitsana zawo pakhonde.

Kenako mphunzitsi anatsegula chitseko cha dalaivala, nawerama kufuna kachitsulo kaja.

Ndinati, "Dikirani." Mokweza. Aliyense anatembenuka, ngakhale Amayi. Ndinangopita n'kukhala pampandopo.

Koyamba. Msana wanga unalowa m'dzenje la msana wa Ababa, mapazi osafika pena paliponse. Chiwongolero chosalala pomwe ankagwira. Achimwene anazungulira, nakhala kumpando wanga, natseka chitseko. Anati, "Lero kondakitala ndine." Mphunzitsi anabwerera pansi pa mtengo, nayamba kucheza ndi Amayi ngati sakutiona.

Mpweya wozizira kumaso. M'mene unkatuluka munali kafungo ka Ababa, fumbi la mseu ndi mafuta awo odzola. Sindikudziwa tinakhala nthawi yaitali bwanji. Achimwene ankayang'ana kuzenera lawo, mapewa akugwedezeka. Ine ndinangoona kuti diresi yanyowa pachifuwa. Pamaliro sindinalire. Anthu ankati mwana wolimba mtima.

Nditatha ndinapukuta kumaso, ndinapisa dzanja pansi pa mpando, ndinakoka kachitsulo. Kanali kolimba, sikanakokedwepo zaka zambiri. Achimwene anakankha kumbuyo. Mpando unabwera kutsogolo, mapazi anga anafika pa buleki. Ndinatuluka n'kuuza mphunzitsi kuti ayese ngati pamukwana. Pamukwana.

Yapita. Pansi pa mtengo patsala mayenje a matayala ndi banga la oyilo. Ndowa ndi kansalu ndaziika kuseri kwa nyumba. M'mbali mwa chikhadabo chimodzi mukadali kobiriwira pang'ono, ndikayang'anitsitsa. Sindikukachotsa. Kadzatha kokha.

Amayi akundiitana kuti tikapinde malaya aja limodzi. Mutu ukuwawa, ndipo ndili ndi njala, njala yeniyeni.

Ndamaliza kulemba lero Loweruka, 4 koloko madzulo.