Ndatuluka Eda Isanathe

Mzimba Boma,
17 Febuluwale, 2021.

Achemwali anga a Sumaiya,

Asalamu aleikum. Kaya muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi, kutupa kuja kunaphwa? Ine ndi Fathiya tikupuma, ngakhale kuti masiku ano kupuma si chinthu choti munthu n'kudzitama nacho.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndimangoyamba kulira mpaka mayunitsi kutha ndisananene kanthu. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole ya matabwa yochokera ku Luwawa. Inyamuka mawa m'mawa, ndipo walonjeza kuti akafika pa Liwonde akaipereka kwa kondakitala wa minibasi ya ku Ntaja. Ndikufunitsitsa ikupezeni lisanafike Lamulungu, tsiku la sadaka ya masiku makumi anayi a malemu bambo a Fathiya. Chifukwa chake muchimva m'munsimu.

Kuno zinthu sizili bwino. Msika akutseka dzuwa likadalipo, ndipo wopezeka wopanda masiki amathamangitsidwa ngati wakuba. M'malo odyera analetsa kukhala pansi. Mukudziwa kuti Mzimba amadya za ku Joni. Tsono amuna ambiri kumeneko ntchito zinawathera, ndipo nyumba zimene ankamangitsa kuno zaima pa mawindo, udzu ukumera m'kati. Mvula ikugwa yozizira. Maliro sitikuwerenganso.

Za imfa ya bambo a Fathiya munamva, koma zimene zinatsatira sindinakuuzeni bwino. Anawatenga anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anawakulunga m'pulasitiki osawasambitsa, ndipo ine ndinangoona fumbi la galimoto pa zenera. Chimenechi chimandidya mpaka lero, achemwali, kuti mwamuna waukhondo ngati uja anapita osathiridwa ndi kapu imodzi yomwe ya madzi.

Azaumoyo atachoka anatiuza kuti tikhale m'nyumba masabata awiri. Kwa ine lamulo limenelo linangopeza lina, poti eda, nthawi imene mkazi wamasiye amabindikira m'nyumba, inali itayamba kale. Tiyirumu yathu, imene ili kutsogolo kwa nyumba yomwe timagonayi, anthu anaipatsa dzina loti tiyirumu ya kolona. Omwe ankamwa tiyi wa malemu a Kassimu m'mawa uliwonse anayamba kuwoloka msewu akafika pakhomo pathu, mphuno atatseka ndi chigongono.

Alamu anga a Mohammed, ang'ono awo a malemu amene amagulitsa nsapato za kaunjika mumsika muno, anabwera kamodzi. Anaima patali, masiki atakokera mpaka m'maso, n'kukuwa kuti eda ndi miyezi inayi ndi masiku khumi, ndisayerekeze kuponda panja. Ngati kuti ine sindinakulire m'nyumba ya Chisilamu. Atatha kulalikira anabwerera ku nsapato zawo, osasiya ngakhale supuni ya shuga ya mwana wa m'bale wawo.

Amene anatisunga ndi Doris. Mwina mukumukumbukira, mayi wamtali wa mpata m'mano uja amene anakupatsani kabichi mutabwera kudzationa, wogulitsa tomato pakhonde la tiyirumu. Kwawo ndi kufupi ndi Embangweni, ndi wa Umanyano, gulu la amayi ku tchalitchi kwawo, ndipo mwamuna wake ali ku Joni, chaka chatha osatumiza kanthu. Masabata awiri onse aja ankatunga madzi n'kusiya ndowa pa khomo la kuseri, pamwamba pake mpukutu wa masamba kapena tomato wofewa. Ankagogoda ndi ndodo, n'kubwerera m'mbuyo, n'kudikira mpaka atamva mawu anga. Tsiku lina sindinayankhe chifukwa ndinalibe mphamvu zodzuka, ndipo anamenya chitseko mpaka ndinamukalipira. Anaseka n'kunena kuti ngati ndikukalipa ndiye kuti ndili moyo.

Masabata aja atatha, ufa unali utatsala wa masiku atatu. Ndinamuuza Doris kuti tiyirumu yafa pamodzi ndi mwini wake, poti ine sindingaime pamaso pa amuna ndili pa eda. Yankho lake ndikulembereni momwe analankhulira: "Imwe mama, kolezani mbaula. Imwe muziphika kuseri, ine ndiziima kutsogolo, mbwenu basi. Kulira tilira tikuphika."

Tsiku loyamba sipanabwere munthu. Tiyi yense tinamwa tokha mpaka mimba kulira, ndipo masikono anagona. Lachiwiri chimodzimodzi. Doris anazungulira msika kufunsa, ndipo anapeza kuti chimene anthu ankaopa kwenikweni ndi makapu athu, poti milomo ya malemu inakhudzapo. Ine zinandipweteka kwambiri. Iye sanataye nthawi ndi kupwetekedwa. Anapita benchi ndi benchi kuuza aliyense kuti abwere ndi kapu yake ya kunyumba, ndipo amene sabwera asadzamupatsenso moni.

Woyamba kubwera anali a Malizani ometa tsitsi, a ku Dedza aja, atanyamula kapu yaikulu ngati akudzatunga madzi osamba. M'mawa mwake anabwera amayi a usipa, kenako atelala, kenako anyamata a kabaza. Sabata isanathe, pa kawindo kamene kali pakati pa tiyirumu ndi khitchini pankandandalikana makapu a mitundumitundu: achitsulo, apulasitiki, chitini cha jamu, ngakhale botolo lodula pakati. Ine nkhope sindinkaziona. Ndinkangoona dzanja la Doris likulowetsa makapu, ndipo ndinafika podziwa mwini wa iliyonse ndi kuchuluka kwa shuga amene amafuna.

Si kuti anthu amenewa zinkawayendera. A Malizani ankatha tsiku osameta mutu ndi umodzi womwe, koma tiyi sankaphonya. Kenako zinangokhala ngati pangano: makala ndinkagula kwa mayi wa benchi yoyandikana nafe, atelala ankagula tomato wa Doris, Doris anasoketsa mamasiki kwa atelala, amuna onse a mzere wathu anakametedwa kwa a Malizani ngakhale ena analibe tsitsi loti n'kumeta. Kandalama kakang'ono komweko kankangozungulira pakati pathu, ndipo palibe anatseka.

Kapu ya Doris ndi yachitsulo, yobiriwira, yosupuka m'mphepete. Ankamwa pomaliza, anthu onse atapita, atakhala pansi kunja kwa chitseko cha khitchini, ine m'kati. Ankandiuza za mumsika, ine n'kumamuuza za a Kassimu. Munthu yekhayo amene sanatope kumva dzina lawo ndi iyeyo.

Lachinayi lapitali sanabwere. Ndinaganiza kuti wapita kukapikula tomato. Lachisanu sanabwerenso, ndipo a Malizani anandiuza ali kuseri kwa chitseko kuti Doris akutsokomola, thupi likutentha, ndipo oyandikana naye akumusiyira madzi panja. Abale ake anatumiziridwa uthenga koma palibe anafika. Ndinawapempha a Malizani kuti akalowe akamuone. Anandiyankha kuti ali ndi ana anayi ndi mkazi wa matenda a shuga. Sindinawaimbe mlandu, ndipo mpaka pano sindikuwaimba.

Loweruka m'mawa anabweranso kudzandiuza kuti ndowa ya dzulo ili pomwe anaisiya, ndipo akagogoda sakuyankha. Achemwali, ndinakhala pa mkeka manja ali m'khosi. Ndinaganiza za amayi, amene pa eda ya ababa sanapite ngakhale pa maliro a mchimwene wawo weniweni, mudzi woyandikana nawo. Ndinakumbukira mawu awo pa foni yanu tsiku la maliro, akuti zonse angapirire koma ndisawachititse manyazi pa eda. Kenako ndinayang'ana pa kawindo, ndipo kapu yobiriwira ija inali pomwepo, yotsuka, yovundikira.

Ndinasiya Fathiya kwa akazi awo a Malizani. Ndinafunda nsalu yanga, ndinavala masiki, ndinanyamula sopo ndi ketulo ya madzi otentha, n'kutsegula chitseko. Patatha mwezi ndili m'nyumba, kuwala kunandilasa m'maso. Kwa Doris ndi kuseri kwa msika, ndipo njira ndi imodzi yokha, yodutsa pakati pa mabenchi. Msika wonse unandiona. Sindinabisale ndipo sindinathamange.

Chitseko chinali chongotsekera ndi mpando. Ndinamupeza pansi, pakati pa bedi ndi khomo, atadziipitsira, milomo itauma ngati chikopa. Zikuoneka kuti ankakwawira madzi aja koma mphamvu zinamuthera. Atandizindikira anayesa kundikankha. Anati, "Ndapota, mama, bwererani. Mwalakwira Chiuta wanu chifukwa cha ine." Ndinamuuza kuti atseke pakamwa asunge mpweya, za ine ndi Mulungu wanga tikambirana tokha.

Ndinamusambitsa thupi lonse, ndinamuveka zoyera, ndinamumwetsa tiyi ndi supuni. Pomusambitsapo ndinalira kulira kumene sindinalire pa maliro. Mwamuna wanga anapita wosasamba ine ndili pa zenera, ndiye sindikanalola kuti uyunso agone m'zonyansa ine ndili pa mkeka kuwerenga masiku. Ndinatuma uthenga kwa a Margaret, anamwino a ku Ntcheu amene amachita lendi kuseri kwathu, ndipo masana galimoto inabwera kudzamutenga. Pomukweza anandigwira chala n'kunena kuti yewo chomene, ndiye kuti zikomo kwambiri m'chilankhulo chawo, ndipo anandiuza kuti tomato wake ndigawire anthu asanaole.

Pobwerera ndinakumana ndi a Mohammed. Ulendo uno anayandikira ndithu, mantha a matenda anawathera. Pamaso pa anthu anandifunsa ngati m'bale wawo ndamuiwala kale, ndipo anati mkazi woyenda mumsika mwamuna wake asanakwanitse masiku makumi anayi m'manda ndiye kuti anali naye kale wina. Anati Lachisanu akwera basi yobwera kumeneko, ndipo pa sadaka akanena zonse pamaso pa abale a mbali zonse ziwiri. Pakamwa panga mukupadziwa, achemwali. Mawu anafika pa lilime, koma ndinawameza chifukwa cha malemu. Amene anawayankha ndi mayi wa makala, kuwafunsa kuti mwezi wonsewu kapu yawo inali kuti.

Kuyambira tsiku limenelo ndikutuluka m'mawa uliwonse. Ndimaphika phala, n'kukalisiya pa geti la chipatala, a Margaret n'kulowa nalo ku tenti ya odwala matendawa. Kuchoka apo ndimabwerera molunjika kunyumba. Sindidzola mafuta onunkhira, sindivala zokongola, sindicheza ndi munthu panjira, ndipo sindinagonepo kunja kwa nyumba ya mwamuna wanga. Fathiya akugonabe kwa a Malizani mpaka tione ngati ine sindidwala. Tiyirumu sinatseke: amayi a mumsika akusinthana kuima pa kawindo, wina lero wina mawa.

Doris ali pa mpweya wa m'botolo. Lolemba anamwa masupuni asanu, dzulo awiri. Lero a Margaret atuluka ndi kontena yosatsegula, ndipo nditawafunsa anangoyang'ana kumbali n'kunena kuti tizipemphera. Ine ndikuopa kwambiri.

Pempho langa ndi limodzi. Musadikire Lamulungu. Kalatayi ikangofika, pitani kwa amayi, mukakhale nawo awiriwiri m'nyumba, mukawawerengere yonse osadumpha mzere, ngakhale pamene pali mawu oipa a alamu anga. Ndikufuna amve kuchokera kwa ine, osati pa bwalo, anthu atazungulira, mwana wawo akutchulidwa dzina la uhule. Za tiyirumu kapena zimene abale a malemu angandichite sizikundisowetsa tulo. Chimene ndikuopa ndi chakuti amayi adzanditembenukira msana, ine wamasiye kale.

Musandipepesere mopitirira, ndipo musawanamize kuti ndalapa n'kubwerera pa mkeka. Ngati ndalakwa, Mulungu akudziwa pamene ndinapita ndi chimene ndinanyamula. Mukawauze kuti mdzukulu wawo wadya mwezi wonse chifukwa cha mayi ameneyu, amene si mtundu wathu ndipo si wa chipembedzo chathu. Ngati mtima wawo ungalole, pa pemphero lawo la swala amutchule dzina. Ndi losavuta, Doris.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a ku Nselema ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa apongozi anga, amene ndikudziwa kuti misozi sinaume. Ana anu, Zaid ndi ang'ono ake, muwauze kuti Fathiya amawatchula tsiku lililonse. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga, ngati angalole.

Eda yanga yatsala ndi miyezi itatu, ndipo ndidzaimaliza. Doris sindikudziwa kuti watsala ndi masiku angati. Kapu yake ndaitsukanso lero ndipo ili pa kawindo. Mawa m'mawa, lole ikamanyamuka ndi kalatayi, ine ndidzakhala ndili pa geti ndi phala.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Kulusumu.